Tinamuika ndi Chimbale Chachiwiri

Ndinadzuka tambala asanalire, zovala zonse zikununkha utsi. Amuna ena anali akadagona pa masaka pafupi ndi chikuni chimene chinayaka usiku wonse. M'nyumba, azimayi a kwaya anali atasasa mawu. Ine sindinkamva kanthu, ngakhale kuzizira kwa mwezi wa Julayi.

Yotamu, mng'ono wanga, anali munthu wa hipihopu. Kwa zaka zambiri tinkakangana za woimba wina wa ku Lusaka. Ine ndinkati chimbale chake choyamba ndiye nyimbo: mnyamata wanjala, akulavula mawu ngati akuthamangitsidwa. Pa chachiwiri ndinkati anali atakhuta, moto unazima. Yotamu akamva zimenezi ankagwira mutu. Ankati chachiwiri n'cha munthu wokhwima, ng'oma zake zimapuma, koma vuto ndi ine, makutu anga ndi a mbuzi. Ali m'chipatala ku Nyimba anandiuza kuti akadzamwalira tidzamuike chimbale chimenecho chikulira. Ndinavomera pongofuna kuti asiye nkhaniyo.

Kutacha anthu anayamba kufika pa njinga, ena pa lole yochokera ku Petauke. Kuseri azimayi anasonkha moto pa mafuwa. Ndinapita kwa amalume, kasipika kali m'thumba, n'kuwafotokozera zimene Yotamu anapempha. Sanandiyang'ane n'komwe.

"Malilo si bala, iwe," anatero.

Ndinabwerera kukakhala. Mphamvu zotsutsa ndinalibe.

A Mulenga, amene ankaphunzitsa pasukulu imodzi ndi Yotamu, anali atamva. Iwo ndi Mbemba, ndipo kwathu kuno Abemba ndi ambuya athu: pamaliro amatinyoza, amatipaka ufa kumaso, ife sitiloledwa kukwiya. Anapisa m'thumba langa n'kutenga kasipikako.

Tinanyamuka dzuwa litakwera, mphepo ikutiwaza fumbi. Kumanda, abusa atangomaliza pemphero, a Mulenga anasonkhanitsa mafosholo onse n'kuwakhalira.

"Imwe odya mbewa, palibe kukwilila mpaka mwana wanu amvele nyimbo yake!"

Anayatsa kasipika kaja. Ng'oma zinagunda pakati pa mitanda. Amalume anangoweramitsa mutu, ufa uli mbuu pachipumi. Ena anaseka, anyamata kumbuyo ankatsatira mawu chapansipansi. Inalira nyimbo imodzi yokha, a Mulenga anadzuka, ife n'kukwirira.

Madzulo anthu anabalalika, panatsala mabenchi a kutchalitchi ndi phulusa. Ndinakhala pa bedi la Yotamu n'kuvala mahedifoni ake. Apa ndiulule: zaka zonsezo chimbale chachiwiri ndinali ndisanachimverepo mpaka kumapeto. Ndinkathera pa nyimbo yachitatu n'kuyamba makani.

Tsiku limenelo ndinachimvera chonse. Mwana uja ankanena zoona, chimaposa choyamba kutalitali. Ndinavula mahedifoni, n'kutsegula pakamwa kuti ndimuitane adzandiseke. Pabalaza amayi ankapinda mphasa.