Chala chimene makina anakana

Mukafika pafakitale ya sopo ija, musanapatsidwe n'komwe mpando, wina akunong'onezani kuti a Besi anamwalira kalekale, ndipo amene amakankha ngolo ya makatoni uja ndi mzukwa wawo. Umboni akuti ulipo: makina a pageti, aja anthu amaikapo chala m'mawa kuti mabwana adziwe kuti wabwera ndani, anawakana a Besi pafupifupi mwezi wathunthu.

Limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. A Besi ndi amoyo, ndipo pakudya amatiposa tonse. Nkhani yake ndi ya mawaya.

Mkuluyu ndi wamfupi, mikono ngati zogwirira za kapu, koma Loweruka lililonse amaimba m'bandi gitala ya besi ya khosi lalitali, yoti akaiimika pansi imawasuzumira pamutu. Anaigula dala. Ankati munthu wamfupi azikhala ndi chinthu chimodzi chachitali pakhomo. Tsono gitala yotere mawaya ake amakungika kwambiri, ndipo iwo anaikamo onenepa, okhakhala. Zaka zisanu ndi ziwiri akukhula zala pamenepo, mizere ya pachala, ija aliyense amabadwa ndi yakeyake, inafufutika. Zala zinatsala see, ngati kasopo kotsala kubafa.

Makina akaona chala chotere amayatsa kagetsi kofiira. A kalaliki, amene amakhala pakawindo pambali pa makinawo, ankawalonjera bwinobwino.

"Mwadzuka bwanji, a Besi?"

"Ndadzuka, kaya inu?"

"Ndadzuka. Lero simunabwerenso."

"Nanga mukulankhula ndi ndani?"

"Ine ndikukuonani, achimwene, mpaka batani lothothokalo. Koma ndimalemba zimene aona makina."

A Besi anapempha kuti alembetse chala chachikulu m'malo mwake. Anawayankha kuti zimenezo n'zotheka, bola mwini wake avomereze poika chala chakale pamakina omwewo. Kenako kunabwera kalata yoti akapitiriza kujomba mpaka mwezi kutha, ntchito yatha. Kalatayo anawapatsa m'manja, iwo ali thukuta kamukamu, katoni paphewa.

Kunyumba akazi awo sanazungulire.

"Isiyeni gitalayo, bambo a ana."

"Ndisiye ine? Anthu avina chiyani?"

"Ndiye kaguleni mawaya a anthu. Awawa ine ndingayanikepo mabulangete."

A Besi anapita kusitolo ya zoimbira, gitala kumsana, khosi lake likugunda zikwangwani za m'njira. Mayi wogulitsa anawafunsa kuti akufuna mawaya olira motani.

"Kulira ayi, mayi. Ine ndikufuna chala changa."

Mayiyo anamvetsera nkhani yonse osaseka, n'kuyala mapaketi patebulo. Anati waya woonda sakungika kwambiri, ndiye safuna kumudinikiza ndi mphamvu, ndipo wosalala sadya khungu. Koma atenge aatali, chifukwa aafupi pagitala yawoyo athera panjira ngati thalauzi la mwana.

Vuto linali kuyesa kwake. Zala za a Besi zinali zitasiya kumva kanthu, choncho waya aliyense ankamudutsitsa pamlomo, maso ali tsinzi, n'kugwedeza mutu ngati wolawa mchere. Bambo wina amene anabwera kudzagula chitoliro anabwerera pakhomo.

"Bambo," anatero mayiyo, "mukanyambita wachinayi mugula sitolo yonse."

Anasankha oonda, osalala, aatali.

Loweruka mawaya atsopanowo anawachititsa manyazi. Atawakoka mwa nkhanza ngati kale, anangoti phwaphwaphwa pakhosi la gitala. Woimba ng'oma anaima.

"Achimwene, ikuimba kapena yagwidwa ndi chimfine?"

A Besi anaphunzira pomwepo kuisisita gitala pang'onopang'ono, ngati mphaka wa eni. Mawu anatuluka onenepa, ozizira bwino. Ovina anayesa ndi sitayilo yatsopano, nawonso anayamba kuvina monyang'ama.

Kuyambira pamenepo zala zinkadzozedwa mafuta katatu patsiku. M'mawa uliwonse akazi awo ankavala magalasi, n'kutengera chala cha amuna awo pawindo ngati woyendera mbewu kunazale.

"Mizere yamera?" ankafunsa a Besi.

"Kamzere kamodzi, koma kakulowera kolakwika."

Tsiku lomaliza la mwezi anzawo pamzere wa pageti anawasiyira malo aakulu kutsogolo ndi kumbuyo komwe. A Besi anaika chala. Kofiira. Anachipukuta pamalaya. Kofiira. Anachiuzira mpweya, n'kuchigoneka mwaulemu monga amachitira pamawaya atsopano aja. Makina anaganiza nthawi yaitali, kenako kagetsi kobiriwira kanayaka.

A kalaliki anatuluka m'kachipinda kawo n'kuwagwira chanza ndi manja awiri.

"Takulandirani, achimwene. Munali kuti mwezi wonsewu?"

Ntchito inapulumuka, koma pakamwa pa anthu sipatsekeka. Pofika masana nkhani inali itasintha: akuti wakufa uja waphunzira kunyenga makina. Pa nthawi yopuma, dalaivala wa lole analimba mtima n'kuwafunsa, ataima patali ndithu, ngati zimene zikumvekazi n'zoona.

A Besi anameza kaye zimene ankatafuna.

"Ndikanakhala mzukwa bwenzi ndikuima pamzere ndi inu? Bwenzi ndikungodutsa pakhoma."