Dzina la Chabi

Dzina loti Hajara ankalimva ku madrasa kokha. Kwina konse anali Chabi.

Ali khanda, mayi ake anapita naye ku sikelo ku Salima. Namwino wachizungu anamugwira tsaya n'kuseka, amvekere, "Chabi!" Mayi aja anachita mantha, kuganiza kuti ndi dzina la matenda.

"Musade nkhawa, mayi," anatero bambo amene ankathandiza pa sikelopo. "Pa Chingerezi mawu amenewa amanenera mwana wonenepa bwino, wa masaya odzaza. Akumuyamikira. Koma munthu wamkulu samunena choncho, angakwiye."

Hajara anakula ndi thupi lakelo, ndipo dzinalo silinamukwiyitsepo. Ankagulitsa usipa wouma ndi mpunga pa siteshoni ya sitima, ndipo akayamba kuseka ankamveka mpaka kutsidya kwa njanji. Anzake ankati, "Iwe ngakhale utanena kuti wagona ndi njala, ndani angakukhulupirire?"

Anakwatiwa ndi Sidiki, msodzi wofatsa amene anasiya ukonde n'kupita ku migodi ya ku Joni. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anabwerako ndi wailesi, njinga, ndi chifuwa chosamva mankhwala. Hajara anamudwazika mpaka tsiku la maliro.

Itatha eda, masiku amene mkazi wofedwa amabindikira, anabwerera ku siteshoni. Posakhalitsa mphete yake inayamba kuvuka yokha pachala. Matendawo anthu sankawatchula mokweza, ankangonong'onezana kuti kaliwondewonde. Ogula ena anayamba kumulambalala.

Tsiku lina Lena, mnzake wogulitsa naye moyandikana, anamupatsa moni. "Mwadzuka bwanji, amake Jamila?"

Hajara anamuyang'anitsitsa. "Iwe Lena, dzina langa waliiwala?"

Lena anazolika. "Ndimaopa kuti uziona ngati ndikukuseka."

"Ndiitane monga kale. Ndikadali moyo ine."

Lena anayesa, koma dzinalo linamukanika. Anakhala pansi pafupi ndi dengu la usipa, onse awiri n'kumalira, sitima ikutsitsa anthu.

Mvula itayamba, Hajara analibenso mphamvu zosenza dengu. Mkulu wake anadzamutenga pa ngolo kupita naye ku Lifuwu, ndipo Hajara anamwalira mpunga usanakhwime. Jamila, mwana wake yekhayo, anakulira komweko. Lena akapeza munthu wopita ku Lifuwu ankamupatsa kamtolo ka usipa ndi sopo koti akapatse Jamila, mpaka mtsikanayo anakwatiwa.