Nyengo imene amayi anali mfiti ya m'filimu

Chikuto cha DVD ija ndimachionabe m'maso mpaka lero. Linali pepala wamba, inki yake yothimbirira, ndipo pakati pake panali nkhope ya amayi. Anali atawapaka ufa kumaso, makala m'zikope, kumutu atamanga nsalu yofiira. Ndinali kamtsikana ka giredi 3, ndipo ndikachipeza patebulo ndinkachitembenuza kuti nkhopeyo iyang'ane pansi.

Masiku amenewo komboni yathu yonse ya Kanyama inali itapenga ndi mafilimu a ku Nigeria, aja a mfiti ndi anthu olemera ndi magazi a abale awo. Tinkawaonera m'kanyumba ka malata ka amalume, mlongo wawo wa amayi, titathithikana pamabenchi, thukuta likununkha ngati m'minibasi. Amalume anali munthu wa maloto ambiri ndi ntchito zochepa. Tsiku lina anabwereka kamera kwa mnzawo wojambula maukwati, n'kufika nayo kwathu akumwetulira.

"Ba sisi, imwe mumaziba kuliritsa banthu ku drama ya ku chechi. Tiyeni tipange filimu yathu ya mu komboni."

Amayi anakana kangapo, koma ankakonda masewero kuposa momwe ankavomerera. Amalume anawapatsa mbali ya mayi wogulitsa zitumbuwa amene amathira mankhwala mu ufa, n'kupatsa mwana wa eni, mwanayo n'kufa. Apa mpamene amalume analakwitsa, ndipo ndakula ndikuwakwiyira nazo. Sanafune kuvutika n'kusaka malo kapena zinthu zina. Anajambulira pa kantemba kathu kenikeni kogulitsirapo malonda, ndi beseni lenileni limene amayi ankagulitsiramo zitumbuwa m'mawa uliwonse. Mbali ya mwana wofayo anapatsa kamtsikana ka aneba athu, mnzanga amene ndinkatunga naye madzi pampopi.

Tsiku lojambula ndinalipo, ndipo ndinaseka mpaka m'mimba kupweteka. Magazi anali tomato sosi. Mnzanga uja ankati akagwa pansi n'kuyamba kuseka, amalume n'kumakalipa. Koma filimu itabwera kuchokera kwa mnyamata wa kompyuta, sinalinso imene ndinaiona ija. Anali ataikamo ng'oma zolira pansipansi, maso a amayi akuyaka ngati makala a m'mbaula. Kenako amayi anaseka pa TV paja. Kuseka kumeneko ndinali ndisanakumvepo, koma mano anali awo, kampata ka pakati pa mano kanali kawo.

Mfiti za ku Nigeria sizinkativuta, chifukwa zinkakhala kutali. Iyi inkakhala kuseri kwa chigayo, ndipo aliyense anali atadyapo zitumbuwa zake. Poyamba anthu ankangoseleula, "Ba mfwiti, mwauka bwanji?" Amayi ankayankha moseka. Kenako mawu anayamba kusintha. Pampopi ndinamva mayi wina akuti, "Munthu sangachite bwino so ngati saviziba." Aphunzitsi anatiuza m'kalasi kuti filimu ndi masewero chabe, ndipo ananena bwino kwambiri, koma kuyambira sabata imeneyo anayamba kugula mabanzi kwina.

Ine mantha anandilowa pang'onopang'ono. Ndinkawayang'anitsitsa amayi akamakanda ufa, kuti ndione ngati dzanja lipite m'thumba la chitenje. Akanditambasulira chitumbuwa chotentha ndinkati ndakhuta. Akaseka ndi mnzawo panja, ndinkatchera khutu kufunafuna kuseka kwa m'filimu kuja. Ndinkawakonda, ndipo ndinkawaopa, zonse pamodzi, ndipo ndinalibe womuuza.

Ndiye mvula inabwera monga imabwerera ku Kanyama. Madzi analowa m'nyumba, zimbudzi zinasefukira, tinkayenda pamatofali ndi matayala oyala m'njira. Kolera inayamba. Mmodzi mwa oyamba kudwala anali mnzanga uja, amene anafa m'filimu. Anamunyamula pawilibala kupita ku kiliniki, mutu ukulendewera monga momwe unkalendewerera pa TV.

Masana a tsiku lotsatira ndinamva phokoso likubwera m'njira mwathu. Anali anthu ambiri, matope mpaka m'mawondo, ena atanyamula miyala. Sanali achilendo. Munali wogulitsa makala, munali amayi a m'kwaya, munali anyamata amene ankakhala pabenchi lakutsogolo kwa amalume. Amalume eni akewo sanaoneke konse tsiku limenelo.

"Achoke panja! Tinaona tonse vamene anachita!"

Mwala woyamba unagunda malata, phokoso lake ndinalimva m'mano. Ine ndinali pakhomo, ndipo mtima wanga unandiuza kuti ndithamangire kwa anthuwo, chifukwa ngati onsewa akunena, ndiye kuti n'zoona. Ndinaponya phazi. Amayi anandigwira pamkono, n'kundikokera kumbuyo kwawo, iwo n'kuima pakhomo penipeni. Sanakuwe. Anangonena ndi mawu ouma, mobwerezabwereza, "Ni filimu chabe. Munaliko pojambula. Ni filimu chabe."

Amene anatipulumutsa anali bambo ake a mnzanga uja. Anafika akuthamanga kuchokera ku kiliniki, nsapato zili m'manja, n'kunena kuti mwana wayamba kumwa madzi, ndiponso kuti m'tenti mwadzaza odwala ochokera mbali zina amene sanalaweko zitumbuwa zathu. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, miyala akuigwetsa mobisa m'matope. Palibe anapepesa. Mvula isanathe tinasamukira ku komboni ina yotchedwa Mtendere, ndipo amayi sanachitenso sewero lililonse, ngakhale la Khirisimasi.

Nthawi yonse imene anthuwo anali pakhomo, amayi sanandisiye mkono. Zikhadabo zawo zinandilowa pakhungu, ndipo dzanja lawo linkanjenjemera kwambiri moti mkono wanga wonse unkagwedezeka. Ine ndinkalimbana kuti ndipulumuke, ndikulira kuti andisiye, anthu onse akumva. Ndinkaganiza kuti kunjenjemerako ndi ufiti uja ukudzuka m'thupi mwawo. Sindinkadziwa kuti munthu wamkulu nayenso amachita mantha, ndiponso kuti anaima kutsogolo kwanga kuti mwala ukabwera upeze iwo.