Ndinkamutcha Tambala Mdzukulu Wanga

Inu owerenga, ine chandipweteka ndi pakamwa pangapa. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, koma nthabwala ndinakhoza zonse, moti pamaliro amandikhazika kutali ndi anamfedwa. Nthabwala zomwezo zandilanda mdzukulu.

Ali wamng'ono ndinamutumiza ku Dwambazi kwa mnzanga wina, mwini ngalawa, kuti akaphunzire kusoka ukonde. Anabwerako wosayankhula, kutulo akumadzidzimuka. Ine ndinati ndi malungo.

Atakula n'kuyamba kabaza pa Boma, nkhani inali ya akazi. Lero wogulitsa mpunga, mawa wa ku Dwangwa. Mukudziwa kuti mdzukulu ndi agogo ake amaseleulana. Iye ankanditcha Chibwano poti mano anandithera, ine ndinamutcha Tambala, n'kumadzitama pabawo kuti magazi anga sanatayike.

Tsiku lina anandipeza ndikusenda chinangwa. "Agogo, za akazizi ine sindikondwa nazo. Ndikati ndisiye, mtima umandithamanga." Ndinaseka mpaka kutsokomola. "Tambala adadandaulapo kuti misoti yachuluka?" Anangokankha njinga yake n'kumapita.

Mankhwala omwe ndinkawadziwa ndi banja, ndiye tinamupezera mkazi. Mwana wa eniakeyo anapirira, kenaka anabereka khanda kumsana n'kubwerera kwawo, atatengerako matenda.

Namwino wina ndiye anatumiza mdzukulu wangayo kwa mayi wothandiza anthu ovutika maganizo. Kumeneko kulibe jakisoni. Munthu amangokhala pansi n'kumayankhula zonse zobwera m'mutu, za ubwana wake, maloto omwe, sabata ndi sabata. Ndinati ngati kucheza ndi mankhwala, dokotala wamkulu ndine.

Patapita miyezi, mayiwo anandiitanitsa komweko. Mdzukulu wanga, maso ali pansi, anafotokoza nkhanza zamanyazi zomwe mnzanga uja ankamuchita kugombe. Mayiwo anati bala lobisika limamuthamangitsa munthu: akazi onsewo sikunali kusangalala, kunali kuthawa. Ndipo amene ndinamutumiza kugombeko ndine.

Panopa akupitabe kwa mayiwo, ndipo akuti wayamba kupeza tulo. Mkazi uja sanabwerere. Mdzukuluyo ine amandipatsa moni wogwada, waulemu ngati wa mlendo. Dzina la Chibwano linatha.

Inu owerenga, mwana akakuuzani kuti sakondwa ndi zomwe akuchita, bisani mano ngati muli nawo, mumve kaye, mupite naye kwa odziwa kumvetsera. Ine wanga ndinamuseka, ndipo lero ndimakhala pakhonde kudikira kuti mwina andinyozako kamodzi kokha.