Miyezi isanu ndi iwiri ya Achoko kutsidya kwa nyanja

Azakhali anga anaphunzitsa ana a sitandade wani kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Anthu ankangowatchula kuti Achoko, poti manja awo, siketi, nthawi zina ndi nsidze zomwe, zinkakhala mbuu ndi choko. Sanakwatiwe. Ankati ana makumi asanu ndi atatu m'kalasi ndi okwanira, mwamuna akanangowonjezera phokoso.

Mlongo wawo, amene kwa ine anali bambo aang'ono, anachoka akadali mnyamata kukagwira ntchito yokonza mainjini a sitima zapamadzi kudziko lakutali. Anakwatira konko, m'katauni ka m'mphepete mwa nyanja yamchere. Makalata ake anayamba kuchepa mpaka analekeratu. Pamaliro a agogo sanabwere. Azakhali anasunga zimenezi kumtima, ndipo wina akamutchula ankadzuka kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Atapuma pantchito, tsiku lina analandira foni kuchokera kwa mlamu wawo amene anali asanamuonepo. M'Chingerezi chothyokathyoka, mayiyo anafotokoza kuti mwamuna wake anadwala sitiroko. Atatsitsimuka, chiyankhulo chakumeneko, chimene anachiyankhula zaka makumi anayi, chinali chitamuthawa chonse. M'kamwa munangotsala Chichewa, ndipo m'tauni monse munalibe womumva. Azakhali anati apita kwa milungu itatu basi, osati chifukwa cha mlongo wawoyo, koma chifukwa cha mayi wosalakwayo.

Anafika nthawi yozizira, alendo okasambira atapita kale. Masitolo ambiri anali otseka, mipando ya m'malesitilanti itasanjikizidwa ndi kumangidwa ndi unyolo. Nyumbayo inali pamwamba pa sitolo yogulitsa zingwe ndi maukonde, ndipo kachipinda kawo kanayang'ana kudoko, kumene maboti ankangogundana okha. Anapeza nkhalamba yowonda, pakamwa popotoka, itakhala pa njinga ya odwala. Inawayang'ana nthawi yaitali.

"Achemwali, mwakalamba," inatero.

"Iwe wadziona?" anayankha azakhali, kenako anatembenukira kuzenera kuti asaonetse nkhope.

Ntchito yawo inali kumasulira. Akufuna madzi, pilo wakwera, tsekani zenera. M'mawa uliwonse ankamukankha pa njinga yake m'kamsewu kotsata gombe mpaka pa benchi lobiriwira, n'kukhala pamenepo akuonerera mbalame zoyera zolira ngati makanda. Milungu itatu inakhala miyezi iwiri, kenako inayi. Wogulitsa buledi anazolowera kuwagwedezera mutu, koma kupatula mlamu wawo panalibe wocheza naye.

Mutu wa wodwalayo unkapita n'kubwera. Masiku ena ankafunsa ngati amayi abwerako kumsika, azakhali n'kumuuza kuti ali m'njira. Tsiku lina analoza mkazi wake, amene ankamupukuta pakamwa, n'kufunsa kuti mayi wokoma mtimayu ndi wa kwa yani. Mlamu atafunsa zimene wanena, azakhali anati akunena kuti amamukonda kwambiri. Mayiyo anapsompsona dzanja lake lofa ndi sitiroko, ndipo azakhali tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Mwezi wachisanu, ali pa benchi paja, nzeru zinamubwerera bwinobwino.

"Pamaliro a amayi sindinabwere."

"Sunabwere."

"Ndinafika mpaka pabwalo la ndege, chikwama chili m'manja. Ndinabwerera. Ndinali nditakhala chete zaka zambiri, ndinkaopa maso anu."

Azakhali anali atasunga mawu zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, okonzakonza, oti adzamuuze tsiku lina. Anangomukonza kolala ya jekete n'kumuuza kuti mphepo yakula, abwerere kunyumba.

Chilolezo chawo chokhalira m'dzikomo chinawonjezedwa kawiri, kachitatu anakanizidwa. Milungu yomaliza anagula kope n'kukhazika mlamu wawo patebulo lakukhitchini ngati mwana wa sitandade wani. Madzi. Ndazizidwa. Pakupweteka pati? Ndili pano. Mayiyo ankabwereza lilime likukana, ndipo wodwalayo, amene anali asanasekepo chidwalireni, ankaseka mpaka kutsokomola. Tsiku lonyamuka azakhali sanamutsanzike. Anamuuza kuti akupita kukagula buledi.

Mlongo wawoyo anamwalira patatha milungu isanu ndi umodzi, masana, mkazi wake ali pambali. Mlamu anaimba foni n'kunena kuti asanatsirizike anayankhula mawu angapo, mobwereza, ndipo iye anawalemba m'kope muja monga mmene anawamvera. Anawawerenga pang'onopang'ono kuti azakhali amumasulire. Ine ndinali pomwepo. Azakhali anamupempha kuti abwereze, anabwereza, mpaka kanayi. Anatenga pensulo n'kulemba zimene ankamva, kuziduladula, kuzilumikiza mwina. Sipanatuluke mawu.

"Mlamu, sindikumva," anatero pomaliza. "Pepani, sindikumva."

Kumaliroko sanathe kupita. Masiku ano akukhala ndi ife, maso ayamba kuchita khungu. Za katauniko sakamba zambiri. Mukawafunsa amangoti n'kozizira, ndipo anthu ake amayenda mofulumira ngakhale kulibe kopita.