Ndinakana kukwera ndege ya ku Almaty

Ena mudzati ndikukometsa nkhani, koma Mulungu ndi mboni, izi zinandichitikira ineyo zaka zapitazo ndikulera ana m'nyumba ina ku Jumeirah kuno ku Dubai.

Tsiku lina madamu anandiuza kuti tikupita ku Almaty kukaona mayi awo odwala, ati ndi pafupi, ndege imangonyamuka n'kutera tiyi asanazizire. Ine wa ku Ntcheu, Almaty ndikanamudziwira kuti? Chimene chinandidabwitsa ndi chijekete chaubweya chimene anandigulira. Kunja kukutentha koti dzira lingapse pagalimoto, nanga mzinda wapafupi ungazizire bwanji chonchi? Ndiponso anati ndilongedze zanga zonse, ndi Baibulo lomwe.

Pabwalo la ndege, tisanapereke zikwama, anandipatsa pasipoti yanga, yomwe ankaisunga okha chifikireni changa, ndi tikiti, poti pamenepo aliyense amaonetsa zake. Nditalowa kuchimbudzi ndinamva mayi wina woyeretsa akulankhula Chinyanja cha ku Lusaka pafoni, ndipo ndinamufunsa ngati Almaty ali pafupi. Anayang'ana pafoni yake n'kundionetsa mapu, mzere ukudutsa nyanja, chipululu ndi mapiri, maola anayi ndi kupitirira muli m'mwamba. Kenako anaona tikiti yanga, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti nanga yobwerera ili kuti, sisi.

Abale anga, ndinachita mantha kwambiri, chifukwa ndinali nditamvapo za atsikana obwereketsedwa kwa achibale a bwana ngati mpando, kumakatsekeredwa kudziko kumene sudziwa ngakhale mawu opemphera madzi. Mwana wanga kumudzi akanandifunafuna kuti?

Pasipoti ija ndinaibisa pachifuwa, ndinatuluka n'kukhala pansi penipeni pakati pa anthu, miyendo tambalale ngati pamaliro. Madamu anati yalla, tiye, ine ndinawayankha m'Chiarabu chomwecho kuti khalas, basi, sindikupita. Anandinyengerera, habibi uyu habibi uyu, ati wokondedwa wanga, mpaka anavomera okha kuti ndikangokhalako pang'ono kusamalira mayi awo. Ataona kuti sindikusuntha anati akandinenera kupolisi kuti ndathawa ntchito. Ndinawauza kuti aitane apolisiwo adzaone munthu wothawa atakhala pansi, ndipo akafotokozenso bwino chifukwa chake tikiti yanga ilibe yobwerera. Ndinanena zimenezi anthu akumva.

Apolisi sanaitanidwe. Ndege inapita popanda ine, ntchito inathera pomwepo, ndipo ndinagona miyezi pansi kwa amayi a kutchalitchi ku Mankhool, konkuno ku Dubai, ndisanapeze ina. Sindinong'oneza bondo ngakhale pang'ono.

Lero ndimakhulupirira kuti ndikanakwera ndege ija sindikanabwerako. Ndiye inu atsikana mukubwera kunoku, bwana akati ndi pafupi, funsani kuti ndi maola angati, muone ndi maso anu tikiti yobwerera. Akakana kukuonetsani, khalani pansi. Kulibwino akusekeni pabwalo la ndege kusiyana n'kuti kwanu akulireni muli moyo.