Mutu Wosenza Beseni

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinayamba kufunafuna anthu oti ndiziwaluka tsitsi. Mayi anga anali atamwalira chaka chomwecho, ndipo ndinkakhala kwa azakhali ku Bangula, m'nyumba yomwe mwana aliyense anali ndi mayi ake kupatula ine. Azakhali sanali ankhanza, koma ana awoawo anali asanu. Tsiku lina anandiuza mosabisa kuti ndikapanda kuyamba kudzipezera sopo ndi makope, teremu ikatha ndipita ku Marka kukalera ana a msuweni wawo. Ndinkadziwa kuti wopita kokalera ana sabwereranso m'kalasi.

Luso lomwe mayi anandisiyira linali kuluka basi. Mnzanga woti andibwereke mutu ndinalibe, choncho ndinkayeserera pa udzu wa kuseri kwa nyumba, uku ndikuulankhula ngati munthu. Loweruka lina ndinalemba pakatoni kuti "Timaluka tsitsi pano", n'kukakhala pansi pa mtengo wa nimu pafupi ndi msika, chipeso ndi ulusi zili pamiyendo. Milungu itatu inatha ndikungodikira pamenepo. Anthu ankawerenga katoniyo, kundiyang'ana, n'kupitirira. Inaima ndi mbuzi yokha, nayonso inkafuna kudya katoni.

Loweruka lachinayi anandikodola mayi Alufandika, omwe ankagulitsa milamba yowamba.

"Iwe mwana, ukufuna tisiyire ntchentche nsombazi kuti tikupeze pamthunzi pakopo? Bwera undilukire pompano, ine ndizigulitsa."

Ndinaima kumbuyo kwawo, fungo la utsi ndi nsomba lili m'mphuno, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti lero msika wonse undidziwa. Ndinasankha sitayilo yomwe ndinaiona pachithunzi cha pakhomo la saluni: mizere yonse yokwera m'mwamba, n'kukamanga mfundo yaikulu paliwombo penipeni. Ndinaluka mpaka zala kuuma. Amayi anzawo anayamikira, ine n'kumadzimva.

Dzuwa litapendeka, mayi Alufandika anapinda nkhata n'kuiika pamutu, anzawo n'kuwasenza beseni la nsomba zotsala. Beseni linapendekeka. Anayesanso, mfundo ija inawabaya, milamba ingapo n'kugwera m'fumbi. Anatula, anakhala pansi, n'kuyamba kumasula tsitsi lonse anthu akuona. Palibe anandikalipira. Ankangoseka chamunsimunsi, ndipo kuseka kumeneko kunandipweteka kuposa mbama. Ndinalira pomwepo, chifukwa ndinkaiona njira ya ku Marka, ndipo panalibe woti ndikamuuze kunyumba. Ndinawasowa mayi anga kuposa tsiku la maliro awo.

"Leka kulira, mwana wanga," anatero mayi Alufandika, chipeso changa chili m'manja mwawo. "Manja uli nawo, pyadidi, abwino ndithu. Koma waluka mutu wa pachithunzi. Wangawu umasenza beseni kuchokera kumtsinje m'mawa uliwonse, iwe sunaufunse."

Loweruka lotsatira katoni ndinaisiya. Ndinalawirira kumsika n'kukaima pakona ndekhandekha, ndikuonerera amayi akutula katundu. Ndinaona pomwe nkhata imakhala, pomwe duku limamangidwira, ndi pomwe thukuta limayenderera. Kenako ndinapita kwa mayi Alufandika. Anandiyang'ana, n'kuvula duku. Ndinawaluka mizere yogona, yotsikira kumbuyo, pamwamba pali lathyathyathya. Nditamaliza anasenza beseni lopanda kanthu, n'kuyenda nalo pang'ono osaligwira. Masana anandiitana mayi wa tomato, kenako wa mapira. Teremu itatha, nkhani ya ku Marka azakhali sanaitchulenso.

Lero ndimalukabe, ndipo ndilibe saluni kapena bwana. Ndimayenda ndi chikwama m'makomo a ku Nchalo ndi ku Chikwawa, kwa aliyense amene wandiimbira foni. Ntchito yodzilemba wekha ndi yosungulumwitsa, ndinene zoona. Pali milungu ina foni imakhala chete, ndipo mantha a kamtsikana kaja amabwereranso. Chomwe ndinazindikira n'chakuti munthu amakuitananso ngati tsitsi lomwe wamuluka lamulola kugwira ntchito yake, ndipo ndi iyeyo amene amakakutchula kwa anzake. N'chifukwa chake ndisanagwire mutu wa munthu, kaya ndi namwino, kaya mkwatibwi, kaya mayi wopalira nzimbe, ndimayamba ndamufunsa kuti mawa akupita kuti, nanga akasenza chiyani. Ena amaliseka funsoli. Ine sindiseka nawo, chifukwa ndi limene linandisunga pasukulu.